Kutsuka Pakhosi

1. Ovololo ya womwalira

Loweruka m'mawa Kamakwerero anadzuka miyendo itasiya kunjenjemera. Sanachedwe. Anapita kuseri kwa chitseko n'kupachula ovololo pamsomali.

Ovololoyo sinali yake. Inali ya mkulu wake amene anamwalira chaka chatha. Mkulu wakeyo ankagwira ntchito yopaka penti m'nyumba za anthu, ndipo anali wamtali kwambiri moti anzake anam'patsa dzina loti Makwerero. Ankati iyeyo makwerero sawafuna, amangotambasula mkono n'kufika kusiling'i. Atamwalira, gulu lomwelo linatenga mng'ono wake kuti aphunzire ntchito. Poti anali wamfupi, anangomuti Kamakwerero.

Ovololoyo inali itachapidwa kambirimbiri, koma fungo la penti silinachoke. Miyendo yake inali yaitali, mnyamatayo ankachita kupinda. Ikapachikidwa pamsomali paja inkaoneka ngati munthu waimirira wayang'ana kukhoma.

Kamakwerero anali atakhala pakhomo masiku angapo chifukwa cha kamwazi. Matendawo anam'gwira moipa. M'mimba munkapota, kuchimbudzi ankapitako ngati waiwalako kanthu, ndipo kumeneko kunkatuluka magazi. Kuchipatala anamuyeza, anati ndi tizilombo m'matumbo, n'kum'patsa mapiritsi. Tsopano kutsegula kunali kutaleka. Mapiritsi okha ndiwo anali asanathe.

"Ukupita kuti?"

Anali Azakhali. Anali atakhala kale pamakina awo osokera pafupi ndi zenera, ulusi uli pakamwa. Ndiwo analera anyamata awiriwa makolo awo atamwalira. Akafunsa funso ankafuna yankho, osati nkhani.

"Kuntchito, Azakhali. Ndachira."

"Wakuuza ndani?"

"Thupi langa."

"Thupi lakolo linaphunzira kuti za udokotala? Namwino uja anati chiyani?"

Kamakwerero anayang'ana pansi. "Anati ndimalize mapiritsi. Komatu sananene kuti ndizingogona. Lero tikumaliza nyumba ija. A Kapitawo atumiza uthenga kuti ndikapanda kuoneka, atenga mnyamata wina."

Azakhali anachotsa phazi pamakina. Analavula kaulusi kaja.

"Bwera kuno."

2. Banga la m'thumba

Anagwira thumba la pachifuwa la ovololo ija n'kulitembenuza. M'kati mwake munali banga lachikasu, louma gwa.

"Ukuti ichi n'chiyani?"

"Penti."

"Si penti. Khala pansi undimvere, chifukwa sindibwerezanso."

Kamakwerero anakhala pampando wa makasitomala.

"Mkulu wako anadwala matenda omwewa," anatero Azakhali. "Kuchipatala anam'patsa mapiritsi ngati akowa. Anamwa masiku ochepa, m'mimba munaleka kupota, nayenso anandiuza mawu omwe wanenawa, akuti thupi lamuuza. Anavala ovololo imeneyi n'kupita kuntchito.

"Kumeneko anakamwa mowa. Mapiritsi anawasiya, chifukwa wina anamuuza kuti mapiritsi ndi mowa sizisakanizana. N'zoona, sizisakanizana. Koma pa ziwirizo, iye anasiya chimene chinali kum'chiritsa.

"Matenda anabwerera ndi ukali. Iye osanena. Ankati akapita kuchimbudzi, amathira madzi ambiri, n'kubwera kuno akuseka. Ndikamufunsa kuti masowo alowa m'kati bwanji, ankati, 'Ndi penti, Azakhali, penti amatero.' Mnyamata wandevu zake, koma ankachita manyazi kutchula liwu limodzi lokha loti magazi. Tsiku limene anagwa pakhomo apo, milomo inali itauma ngati chikopa cha nsapato. Kuchipatala anafunafuna mtsempha woti alowetserepo madzi, manja onse awiri, mpaka kuphazi. Iwe unali kusukulu. Sunaone, ndipo zinakhala bwino kuti sunaone.

"Titabwera kumanda ndinati ndichape zovala zake. Ndinaviika ovololo m'ndowa osapisa m'matumba. Pamene ndinkaivuula, mapiritsi aja anali atasungunuka m'thumba umu. Moyo wa mwana wanga unali muno, pamwamba penipeni pa mtima wake, iye n'kumangoyenda nawo. Ndachapa ndi sopo wamtundu uliwonse. Banga ili silichoka."

Kamakwerero anabweza thumba lija m'malo mwake pang'onopang'ono.

"Tsono imva zimene anandiuza namwino," anapitiriza Azakhali, "chifukwa ine ndinamufunsa bwinobwino pamene iwe unkabuula pabenchi. Anati kutsegula m'mimba kukaleka sikuti tizilombo tatha. Tangofooka. Ukasiya mankhwala panjira timadzukanso, ndipo tikadzuka sitimvanso msanga. Anati m'matumbo mwako muli zilonda zimene sukuziona. Kodi chilonda cha pamwendo chisanapole ungachikhule ndi pepala lanu lopalira khoma lija? Mowa umachita zimenezo m'katimo. Anatinso mowa umachotsa madzi m'thupi, pomwe iwe madzi ako anathera kuchimbudzi. Ndiye mapiritsi amtundu uwu akakumana ndi mowa, munthu amasanza, nkhope kutentha, mtima kuthamanga. Ndipo satuluka m'thupi tsiku lomwelo ayi. Ngakhale utamaliza onse, amakhalamobe masiku angapo. Wamva?"

"Ine sindimwa mowa, Azakhali."

"Ndikudziwa. Ndiye lero si tsiku loyambira."

Anatenga mapiritsi a masana n'kuwakulunga m'kapepala. Anam'patsanso botolo la madzi owiritsa.

"Ukadya, ukamwe. Madziwa athe. Ukamva chizungulire, utsike pansi. Nyumba ya eni si yoferamo."

Kamakwerero anapisa m'matumba a m'mbali. Onse anali obooka. Thumba lokhalo labwino linali la pachifuwa lomwe lija. Anaikamo kapepalako n'kutuluka.

3. Nyumba yopanda anthu

Nyumba imene ankapaka inali yaikulu, ya zipinda zambiri. Amene ankakhalamo anali atasamuka, ndipo mwini wake ankafuna ioneke yatsopano ena asanalowe. Munalibe mpando, munalibe katani. Ukatsokomola kuchipinda chimodzi, chifuwa chako chinkakuyankha kuchokera kuchipinda china.

Woyamba kumuona anali Chiswe, mnyamata wowonda amene ankadya chilichonse chimene wapeza koma osanenepa.

"Taonani amene wabwera!" anakuwa Chiswe ali pamakwerero. "Ife tinamva kuti unasamukira kuchimbudzi ndi katundu yense. Tinkati tikakupakire penti komweko."

"Ukanabwera," anayankha Kamakwerero. "Bwenzi utadyako kanthu."

Onse anaseka. A Kapitawo anatulukira akupukuta khosi ndi kathaulo. Anali bambo wonenepa, wamawu aakulu, amene ankakonda anyamata ake mwa njira yake.

"Wakhala ngati ndodo ya rola yopakira penti, mwana iwe. Komabe wachita bwino kubwera. Tenga kakhonde ka m'katika. Malo ena onse atha, katsala kokha."

Kakhondeko, kodutsira pakati pa zipinda, kanali kakatali ndi kamdima, kopanda zenera. Kamakwerero anasakaniza penti m'ndowa, anaimika makwerero, n'kuyamba. Mikono inkalemera. Atapaka pang'ono ankaima n'kumwa madzi aja.

Atafika pachitseko chomaliza, anakwera mpaka pamwamba kuti apukute fumbi pa felemu. Pamenepo dzanja lake linaima.

Pamwamba pa felemuyo, pamalo poti munthu woima pansi sangaone, panali chidindo cha chala chachikulu. Wina anadinda penti wakale akadali wamadzi. Mizere yake inkaoneka bwinobwino, ndipo pakati pake panadutsa kamzere kowongoka.

Kamzereko anakadziwa. Chinali chipsera cha mpeni. Mkulu wake anadzicheka akum'semera galimoto yoseweretsa, iye ali wamng'ono.

"A Kapitawo!" anaitana. Mawu ake anayenda m'zipinda zonse n'kubwerera. "Nyumba ino munayamba mwapakamo?"

"Kale ndithu," anayankha a Kapitawo ali kukhitchini. "Kakhonde kamene ulimoko anapaka ndi mkulu wako. Wapeza chala chake? Ankatero uja. Nyumba iliyonse ankasiyamo chala. Ingopakapo, tisachedwe."

Kamakwerero anaika chala chake pachidindopo. Chake chinali chaching'ono, sichinakwane. Khomalo linali lozizira.

Anapaka mbali iyi ndi mbali inayo. Pachidindo pokha anapasiya.

Masana anakhala pansi m'chipinda chachikulu, aliyense pachitini chake, n'kumadya buledi ndi tiyi. Atatha kudya, Kamakwerero anatulutsa kapepala kaja n'kukafutukula.

"Ima kaye," anatero Chiswe, pakamwa podzaza. "N'chiyani chimenecho?"

"Mankhwala anga."

"Lero? Iwe, waiwala kuti lero tikumaliza? Madzulo ano kuli kutsuka pakhosi."

4. Chizolowezi cha gulu

Gulu la a Kapitawo linali ndi chizolowezi chake. Nyumba ikatha, asanakweze katundu m'lole, ankatsuka mabulashi ndi palafini, kenako ankati atsuke anthu. Ankakhulupirira kuti fumbi la khoma ndi fungo la penti zimamatirira pakhosi ndi pachifuwa, ndipo chimene chimazisungunula ndi mowa waukali basi. Palibe dokotala amene anawauza zimenezi. Anangozipeza kwa amene anawaphunzitsa ntchito. Zinali zabodza, koma ankazikhulupirira ndi mtima wonse.

Kapu inkakhala imodzi. Inkayamba kwa a Kapitawo n'kuzungulira. Wokana ankamuona ngati mlendo, ndipo mlendo sankamutenga kunyumba yotsatira. Kamakwerero anali asanakhalepo pa kutsuka pakhosi. Iyi inali nyumba yoyamba kutha iye ali m'gulu.

"Sindingamwe," anatero. "Namwino anati mapiritsiwa ndi mowa sizisakanizana."

"Ananena zoona namwinoyo," anayankha Chiswe. "Amene angatsutse ndani? N'chifukwa chake ndikuti usamwe mapiritsiwo. Ukapanda kumwa, mowa ukasakanizana ndi chiyani? Mawa upitiriza. Mapiritsi sathawa."

"Ndamwa kale a m'mawa."

"A m'mawa anapita kalekale. Si wakodza iwe?"

Ena aja anaseka. A Kapitawo sanaseke. Anayankhula mofatsa, ngati bambo wolangiza mwana wake.

"Mwana wanga, ine ndagwira ntchito imeneyi tsitsi lisanathothoke. Wadwala, thupi lako ndi lofooka, ndipo tsiku lonse wakhala m'kakhonde kopanda zenera. Penti yenseyo ali pachifuwa pako. Ukapita naye kunyumba, akudwalitsa kuposa m'mimbamo. Komanso tizilombo tikutito, ukuganiza kuti tingapirire mowa waukali? Pachilonda amathirapo chiyani kuchipatala? Si chinthu chonunkha ngati mowa? Kapu imodzi yokha. Palibe akukukakamiza."

Kamakwerero anayang'ana mapiritsi ali m'dzanja lake. Anali aang'ono kwambiri. Anayang'ana botolo la madzi la Azakhali. Kenako anayang'ana anthu aja, onse maso ali pa iye.

Anakulunga kapepala kaja n'kukabwezera m'thumba la pachifuwa.

"Ameneyo ndiye mwamuna," anatero Chiswe. "Buledi wakoyo ukudyanso?"

Dzuwa litapendeka, ntchito inatha. Anatsuka mabulashi, anapinda nsanza, anasesa pansi. A Kapitawo anapita kulole n'kubwera ndi botolo lokulungidwa m'nyuzipepala. Anakhala mozungulira pasimenti, m'chipinda chachikulu chija, makoma oyera mbee akununkha penti watsopano.

Kapu inayenda. A Kapitawo anagugudiza n'kupukuta pakamwa. Wachiwiri anagugudiza. Chiswe anagugudiza n'kunyambita m'mphepete. Kenako inafika kwa Kamakwerero.

Anainunkhiza, fungo lake linali laukali. Anaigwira ndi manja awiri. Kuchokera pomwe anakhala ankaona khomo la kakhonde kaja, lakuda bii pakati pa makoma oyera.

"Mkulu wako sankachita kununkhiza," anatero a Kapitawo. "Ankangoti kamodzi, basi yatha. Anali munthu uja. Penti anatilanda munthu wabwino."

"Si penti," anatero Kamakwerero chapansipansi.

"Wati chiyani?"

"Palibe."

Anatseka maso n'kumwa. Zinakhala ngati wameza khala lamoto. Anatsokomola mpaka misozi. Anzake anaomba m'manja, ndipo nyumba yopanda anthu ija inaomba nawo.

"Inanso!" anakuwa Chiswe. "Yoyambayo yathera m'kutsokomola!"

Anam'thirira yachiwiri. Anamwa.

A Kapitawo anaimirira n'kuika dzanja lawo lolemera paphewa pake.

"Tamverani nonse. Kuyambira lero za Kamakwerero zatha. Uyu si kamwana ayi. Ovololo wavala ya mkulu wake, kakhonde wapaka ka mkulu wake, kapu wamwera ya mkulu wake. Dzina nalonso atenge. Uyu ndi Makwerero!"

"Makwerero!" anakuwa onse.

Dzinalo linalowa m'kakhonde muja, linagunda chitseko chomaliza, n'kubwerera pang'onopang'ono, ngati kuti kumeneko wina wavomera.

5. "Ndi penti akutuluka"

Sipanapite nthawi yaitali. Poyamba makutu anatentha. Kenako nkhope yonse ndi khosi. Mtima unayamba kugunda ngati munthu akumenya chitseko kuti amutsegulire. Mutu unkawawa kuseri kwa maso.

"Taonani, wafiira maso," anatero Chiswe. "Wayamba kugwira ntchito."

Kamakwerero anadzuka akudzandira. Bafa linali kumapeto kwa kakhonde. Anayenda atagwira khoma, penti wosauma akumata m'manja mwake. Sanafike bwinobwino. Anagwada pakhomo la bafalo n'kusanza. Buledi anatuluka, tiyi anatuluka, mowa unatuluka. Zitatha zonse, m'mimba munapitirizabe kufinya popanda chotuluka.

Thukuta linali chuchuchu, koma ankamva kuzizira. Anakhala pansi n'kutsamira felemu. Atakweza maso, anazindikira kuti wakhala pansi penipeni pa chitseko chomaliza chija. Chala cha mkulu wake chinali pamwamba pa mutu wake.

M'kakhondemo munali mdima. Makwerero amene anagwiritsa ntchito anali akadali chitsamire kukhoma, aatali, opyapyala. Kwa kanthawi anaona ngati ndi munthu waima, wayang'ana kukhoma, monga ovololo imakhalira pamsomali.

"Achimwene," anatero. Mawu sanatuluke bwino.

Kunamveka mapazi. Anali a Kapitawo, ndowa ya madzi ili m'manja. Anayang'ana pansi, anayang'ana mnyamatayo, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Waona? Zonsezi zinali pachifuwa pako. Ndi penti akutuluka ameneyo. Penti amatero."

Kamakwerero anawayang'ana. Mawu amenewo anali atawamva m'mawa womwewo, kuchokera pakamwa pa Azakhali. Tsopano anadziwa kumene mkulu wake anawatenga.

"Tsuka apa, mwini nyumba asaone," anatero a Kapitawo. "Ndipo ukonze pakhomapo, wasiyapo manja. Lolemba tikuyamba nyumba ina, yosanja. Tidzakutenga pakhomo ndi lole. Malo ako alipo tsopano."

Anatsuka. Anapaka pomwe anadetsa. Zala zake zinali zitadinda khoma lonse, kuyambira pakhomo mpaka kubafa. Anazifafaniza chimodzichimodzi.

Atafika kunyumba, Azakhali anali ndi kasitomala, akumuyeza diresi. Anayang'ana mnyamatayo kamodzi, mapini ali pakamwa.

"Mapiritsi?"

"Ndamwa, Azakhali."

Anadutsa chapatali. Fungo la penti ndi palafini linaphimba lina lija. Anavula ovololo, anaipachika pamsomali, n'kugona.

Lamulungu Azakhali anapita kukasiya zovala za ukwati kutali, ndipo anachoka m'mamawa. Pochoka anasiya mapiritsi a tsikulo pambale, pafupi ndi kapu ya madzi. Kamakwerero anawayang'ana nthawi yaitali. Anakumbukira mmene mtima unagundira dzulo lake. Sankadziwa ngati mowa watha m'thupi, ndipo woti amufunse analipo mmodzi yekha, Azakhali, amene sakanatha kuwafunsa. Anachita mantha kuwamwa. Anachitanso mantha kuwasiya pambale.

Anawaika m'thumba lomwe lija la ovololo.

Pofika masana m'mimba munayamba kulira. Madzulo munayamba kupota. Azakhali atabwera, anam'peza atafunda bulangete.

"Watani?"

"Kutopa chabe. Ntchito ya dzulo."

Azakhali anaima pakhomo la chipindacho nthawi yotalikirapo. Anayang'ana mbale, inali yopanda kanthu. Anatseka chitseko.

6. Akuitana ndani?

Lolemba kunacha Kamakwerero ali kuchimbudzi. Aka sikanali koyamba kupitako chichokereni dzulo. Atamaliza, anayang'ana.

Magazi anali atabwerera.

Anatenga ndowa n'kuthira madzi. Anathiranso ena. Pamene ankatunga kachitatu, dzanja lake linaima m'malere. Anaika ndowa pansi mosapanga phokoso.

Anatsegula chitseko. Kuwala kunam'baya m'maso, ndipo bwalo linapendekeka pang'ono.

Azakhali anali ataima pakati pa bwalo. Anali atavala nsapato zawo zoyendera, chikwama chili m'khwapa. Ovololo inali paphewa pawo. Dzanja lawo lamanja linali lotambasula, ndipo m'menemo munali kapepala kofutukula ndi mapiritsi.

"Masiku ano ndisanaviike chovala ndimayamba ndapisa m'matumba," anatero.

Kamakwerero anatsegula pakamwa, koma asanayankhe, kumsewu kunalira hutala. Lole inali itaima pageti, makwerero atamangidwa pamwamba, zitini zikugundana. Chiswe ankamenya m'mbali mwa galimoto ndi ndodo ya rola. Kenako anamveka mawu aakulu a a Kapitawo.

"Makwerero! Tuluka, dzuwa lakwera! Makwerero!"

Azakhali anadzidzimuka. Piritsi limodzi linagwa m'fumbi. Mayi amene sanalire pamaso pa anthu ngakhale kumanda anatembenuka n'kuyang'ana chitseko cha nyumba, ngati kuti wina wamtali awerama n'kutulukamo.

Sanatuluke munthu.

"Dzina limenelo ndinalikwirira ndi manja angawa," anatero Azakhali, mawu atatsika. "Akuitana ndani?"

"Akuitana ine."

"Unalipeza bwanji?"

"Ndinamwa, Azakhali. Makapu awiri. Anati ndi kutsuka pakhosi."

Azakhali sanakalipe. Anawerama, anatola piritsi lija, analiuzira fumbi.

"Za mowa tikambirana. Za bodza tikambirananso. Pano ndikufunsa funso limodzi, ndipo ndinalifunsapo kale kwa munthu wina nditaima pomwe pano. Madzi onse aja umathira kuchimbudzi, umakokolola chiyani?"

Hutala inaliranso, motalika.

"Makwerero! Tikusiya!"

Milomo ya mnyamatayo inali youma, yomatirirana. Yankho linali lokonzeka kale pakamwa pake, lofewa, losavuta. Ndi penti, Azakhali. Akanati anene, akanavala ovololo n'kukwera lole.

Anayang'ana ovololoyo. Thumba lake linali lotembenuza, banga lachikasu lili poyera.

"Magazi," anatero. "Magazi abweranso, Azakhali."

Azakhali anatseka maso kamodzi, n'kutulutsa mpweya umene anakhala ngati anausunga chaka chathunthu.

"Chabwino. Wanena. Vala malaya."

Anapinda ovololo ija, koma sanam'patse. Anaiika m'chikwama chawo pamodzi ndi mapiritsi. Anam'gwira pamkono n'kuyamba kuyenda naye kupita kugeti. Asanafike, mawondo a mnyamatayo anapindika. Azakhali anam'gwira m'chiuno asanagunde pansi.

Chiswe anasiya kumenya galimoto. A Kapitawo anatsika, kathaulo kali m'manja.

"Pepani mayi, mwanayu watani? Musadandaule, ndi penti chabe. Amate..."

"Ndinu a Kapitawo inuyo?"

"Ndine, mayi."

"Chaka chatha munabwera kudzandipepesa, ndinali nditaphimba kumaso, sindinakuoneni bwino. Lero ndakuonani. Tsitsani zitini zanuzo, mwanayu agone kumbuyoko. Galimoto yanuyi lero ikupita kuchipatala."

A Kapitawo anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana mnyamatayo.

"Komatu mayi, mwini nyumba akutidikira."

"Adikira. Khoma silifa." Azakhali anali atatsegula kale chitseko cha kutsogolo. "Ndipo tikafika simutsala m'galimoto. Mukalowa nane kwa namwino, mukamufotokozere nokha za kutsuka pakhosi kwanuko, iye akumva, ine ndikumva."

Anamugoneka pansanza zopukutira penti. Lole inanyamuka. Pamwamba pa nkhope yake makwerero aatali ankagwedezeka, ndipo kumwamba kunayamba kuchita mdima m'mbalimbali, ngakhale unali m'mawa.

"Makwerero," anatero Chiswe, akum'gwedeza phewa. "Makwerero, usagone."

Azakhali anasuzumira pazenera la kumbuyo.

"Usamuitane dzina limenelo!" anakuwa. "Mwanangu, ndiyankhe ine. Ukundimva?"

Mnyamatayo ankawamva, koma chapatali, ngati ali kumapeto kwa kakhonde kakatali kopanda zenera.